Khoswe M'tayala la Atate

Dzulo mwana wanga anatulutsa khoswe wakufa kuseri kwa kabati, fungo lake n'kundibwezera kwathu ku Shikabeta.

Atate anali ndi chilole chakale cha asilikali, chonyamulira chimanga. Tsiku lina amayi atadwala kwambiri, tayala linaphulika tisananyamuke kupita kuchipatala ku Mpanshya. Tayala lina linali kuseri kwa nyumba, litagona pamvula dzinja lonse. Amuna atatu analigubuduza mpaka pabwalo. Asanalowetse chubu, pankafunika kupapasa mkati ngati muli minga.

"Esinati, bwera," anatero atate. "Timanja tako n'tanzeru, sitiphonya munga."

Mmene ndinanyadira! Ndinapisa dzanja mwachangu. Zala zinamira m'chinthu chofewa, chonyowa. Anali khoswe woola. Ndinatulutsa dzanja ubweya utamatirira, mphutsi zikukwawa pamkono, ndipo ndinasanzira pajeke yokwezera chilole.

"Chotsa zonse, amako akudikira," anatero atate, ataima patali, chipewa chili pamphuno.

Ndinachotsa ndikulira. Amayi anafika kuchipatala ndipo anachira, koma ine ndinadyera dzanja lamanzere masiku atatu.

Ndinakula ndikudzitama ndi timanja tanzeru. Dzulo m'pamene ndinakumbukira kuti chipewa chija chinali kale pamphuno asanandiitane.