Mpata Woyera Pakati pa Tsamba

Bukulo linali lokutidwa ndi pepala la thumba la simenti, ndipo linkanunkha utsi wa makala. Aphunzitsi anandibwereka m'nyengo ya mvula, m'masiku a Chitaganya, tikukhala ku Matero m'nyumba ya amalume. Panali patatha zaka zinayi chipitire abambo ku migodi ya ku Wanki, ndipo makalata awo analekeza m'chaka chachiwiri. Amalume anali atagamula kale kuti mvula ikangotha, apita ndi amayi kukhoti kukathetsa ukwati.

Amayi sankadziwa kuwerenga. Masana, iwo akusita zovala za azungu, ine ndinkawawerengera. Nkhaniyo inali ya mwamuna amene anatsanzika mkazi wake n'kupita kutali kukafuna ntchito. Kutsanzikanako kunadzaza masamba asanu ndi limodzi, ndipo kunatitengera masiku atatu. Kenako panali mpata woyera, wongokwana chala chimodzi, ndipo m'munsi mwake munali mawu akuti, "Patapita zaka zisanu ndi ziwiri, anabwerera."

Ndinawerenga mzerewo mokweza, poganiza kuti ndawapatsa uthenga wabwino. Simbi ya makala inaima. Ndinamva fungo la nsalu ikupsa.

"Wadumpha tsamba iwe," anatero amayi.

Ndinakana. Anandilanda bukulo, nalipenyetsa pazenera, n'kumafikisa pepala ndi zala ngati kuti masamba awiri amatirirana.

"Nanga mkazi uja anadya chiyani? Ana anadwala kangati? Ni ndani anamufolerera nyumba?"

Lero, nditaphunzira ndi kuphunzitsa ena, ndimatha kulongosola chifukwa chake: wolemba amatalikitsa ola limodzi n'kufinya zaka, ndipo wowerenga amavomera chifukwa iyeyo sataya kanthu. Kulongosolako n'koona, koma sikuyankha ngakhale limodzi mwa mafunso atatu aja.

Amayi sanalole kuti tipitirize nkhaniyo. Anaika ulusi wakuda patsambalo. Masana alionse ankandiuza kuti ndiwatsegulire pomwepo, n'kuika chala pampata uja, madzi akudontha kuchokera pamalata. Mvula itatha, anavala chitenje chawo cha kutchalitchi n'kutsatira amalume. Abambo sitinawaonenso.

Tsiku lobweza buku, aphunzitsi anapeza banga la makala pakati pa tsamba, nandikalipira pamaso pa anzanga. Ndinawakwiyira amayi sabata yonse, chifukwa chodetsa malo amene panalibe cholembedwa chilichonse.