Kukasaka Dothi la Mayi a Tadala

Tinanyamuka ku Girrawheen, dera lomwe timakhala mumzinda wa Perth, Loweruka cha m'ma seveni koloko m'mawa, ine ndi a Tembo, mnzanga wa ku Chipata amene amayendetsa thiraki ku Kewdale. Kumbuyo kwa galimoto yawo tinaika kafosholo ndi kandowa kotha ayisikilimu. Tinkapita kukasaka dothi.

Musaseke. Akazi anga, mayi a Tadala, anali ndi pakati, ndipo mtima wawo unali pa dothi lofiira la pachulu, lomwe ankadya kwathu ali ndi pakati pa Tadala. Tsono Perth ndi mchenga wokhawokha, ungakumbe mpaka msana kuwawa. Dothi logula m'sitolo ya zakwathu ku Mirrabooka analawa n'kulavula, ati likumveka choko. M'nyumba munalibe mtendere, ndipo potuluka anandichenjeza kuti ndisabwere chimanjamanja.

Ku Midland tinaima kuthira petulo ndi kugula timapayi ta nyama. Wogulitsa atafunsa ngati tikupita kokapitidwa mphepo m'mapiri, a Tembo anayankha kuti tikukatenga mankhwala a wodwala. Sananame.

Cha m'ma naini msewu unayamba kukwera, nthaka n'kufiira ngati ya ku Thyolo, mtima wanga n'kukhala m'malo. Koma polowera m'nkhalango tinapeza kachipata ka maburashi ndi botolo lopopera mankhwala. Chikwangwani cha bungwe la boma loteteza zachilengedwe chinkatilamula kutsuka nsapato, ati dothi lochokera kwina limabweretsa matenda owoletsa mizu ya mitengo. Ine, bambo wandevu zanga, ndinaima ndi mwendo umodzi ngati nkhuku, kukwecha nsapato kuti mtengo usadwale. A Tembo anati dziko lino mtengo uli ndi abale ambiri kuposa ife.

Chulu tinachipeza pafupi ndi njira. Ndinagwada, n'kubenthula kachidutswa, n'kulawa. Abale inu, linali lomwelo, lafungo la mvula yoyamba! Ndinalawanso kuti nditsimikize. Kandowa kasanafike ndi theka lomwe, ndinaona nsapato ziwiri zotsukidwa bwino zitaima pambali panga. Anali mayi wovala yunifolomu ya bungwe lija. Pocheuka, a Tembo anali atasanduka mlendo wodzaona mbalame, maso ali m'mwamba.

Mayiyo anafunsa mwaulemu chomwe ndinkachita, ndipo ndinafotokoza zonse. Sanaseke. Anati iyenso ali ndi pakati ankatafuna madzi oundana, ndipo zinapezeka kuti magazi anali ochepa, choncho ndiwatengere mayi a kunyumba kuchipatala. Kenako, ndi ulemu womwewo, anati m'nkhalangomo simutuluka kanthu, kaya duwa, mwala kapena dothi, ndipo chulucho chili ndi eni ake. Chindapusa anandikhululukira, koma anaima pomwepo mpaka nditabwezera chiswe katundu wake yense. Ndinapsa mtima, sindibisa. Chiswe chomwe kwathu chimatigwetsera denga, kuno chili ndi msilikali wapamalipiro. Anatiperekeza mpaka pa kachipata kaja, ndipo tinatsukanso nsapato kuti tisapite ndi matenda kwina.

Tinafika kunyumba masana, a Tembo n'kunditsitsira patali ndithu. Mayi a Tadala anali pakhomo, kambale kali kale m'manja. Anasuzumira m'kandowa, munali mbee. Kenako anayang'ana mapazi anga kwa nthawi yaitali.

"Bambo a Tadala, ndi nsapato zomwe mwatsuka?"

Ndinati ndi lamulo la boma. Maso awo anakwera pang'onopang'ono n'kudzaima pamilomo panga, pomwe panali psuu.

"Koma inu mwadya."

Lolemba tinapita kuchipatala, anawapatsa mapiritsi owonjezera magazi, chilakolako cha dothi n'kutha. Mitengo ija ikupeza bwino, chiswe nachonso chikupeza bwino. Mlandu wanga wokha ndiwo sunathe, umadzuka mlendo aliyense akabwera. Ndinaphunzirapo chimodzi: boma likakulamula kutsuka nsapato, uzitsukanso pakamwa.