Masiku atatu amene sindinapemphe

Ndinali ndi zaka khumi, Sitandade 3, nthawi ya Chitaganya. Bambo anali khukhi kwa mzungu ku Mpingwe, ndipo tinkagona m'kachipinda kakuseri kwa nyumba yaikulu. Kusukulu aphunzitsi anali atatiloweza mawu a Chingelezi onena za kuyamba moyo watsopano, nyu layifi, fuleshi sitati, ndipo ine ndinkawatchula bwino kuposa kalasi yonse. Ndinkayenda nawo pakamwa ngati switi.

Mayi anali m'chikuta, mwana wamasiku anayi, Lusiya, mchombo usanagwe. Kwathu khanda silituluka panja mchombo usanagwe, aliyense amadziwa zimenezo.

Ndiye kunabwera dona watsopano. Khukhi ankamufuna, koma mkazi ndi ana pabwalo pake ayi. Chingelezi cha bambo chinali cha mapoto ndi mbale, choncho anaitana ine kuti ndimasulire. Dona anaima pakhomo pathu atagwira mphuno, kenako n'kumwetulira. Anati mawa tichoke, tipite kwa abale, kumeneko kukakhala fuleshi sitati, nyu layifi kwa tonse. Mawu anga omwe aja! Ndinaona ngati ine ndi dona ndife a kalasi imodzi.

Mayi anayankhula ali pamphasa, osadzutsa mutu.

"Uwauze atipatse masiku atatu okha, mchombo ugwe."

Ndinayang'ana nsapato zoyera za dona. Mchombo pa Chingelezi sindinkaudziwa, komanso ndinachita manyazi, ndinaopa kuti ationa ngati anthu akumudzi. Ndinangoti yesi madamu, thenkyu, nyu layifi. Anandisisita pamutu. Mayi atafunsa, ndinati akana.

M'mawa mwake tinayamba ulendo wapansi wa ku Mbayani kwa amalume, bambo atatsala akukazinga mazira a dona. Kunali chiperoni, kamvula kolowa m'mafupa. Mayi ankayenda pang'ono n'kukhala, pang'ono n'kukhala, magazi akutsikira m'miyendo, Lusiya atamufunditsa nsalu ziwiri. Lusiya anayamba kutsokomola tisanafike m'tauni. Sabata yachiwiri tinamuika m'manda.

Mwina dona akanakana ndithu. Mwina. Koma munthu wamkulu, mzimayi mnzawo, anaona khanda ndi maso ake, n'kusankha mawu okoma oti atithamangitsire, n'kuwaika m'kamwa mwa mwana! Ndipo aphunzitsi aja, miyezi yonse ija kutiimbitsa za moyo watsopano, osatiphunzitsa n'kamodzi komwe kunena kuti dikirani, mwana adakali wakhanda.

Lero ndikulemba mwana wanga ali pamiyendo, ndipo akangotsokomola ndimasiya cholembera, kumuika khutu pachifuwa. Ndazindikira kuti wokuuza za chiyambi chatsopano nthawi zambiri iyeyo sasuntha, wosenza mtolo ndiwe. Mayi ali moyo, ali ku Mbayani komweko. Mpaka pano amatukwana dona wouma mtima amene anawakaniza masiku atatu, ndipo ine ndimakhala pomwepo, n'kumavomera.