Manja Akuda pa Rodibuloko

Linali Lachitatu, nthawi itangopitirira 2 koloko masana, m'mwezi wa Febuluwale fodya atakhwima. Ndinali m'chigafa ndikusoka fodya, khanda lili kumsana, pamene mayi wina amene amagulitsa tomato pamphambano anafika akupalasa njinga mwamphamvu. Sanatsike n'komwe.

"Amake mwana, siyani zimenezo! Mtsikana wanu uja apolisi amukhazika pansi kumsewu."

"Walakwa chiyani?"

"Akuti ali ndi chamba. Kwerani, tizikamba tikupita."

Mtsikanayo ndi mwana wanga woyamba, ndipo nthawi imeneyo anali ndi zaka khumi ndi zinayi. Ndinamubereka nditangotha msinkhu, sukulu nditasiyira Sitandade 4. Iye anali Sitandade 7. Pa zonse za pansi pano, chimene ndinkafuna ine n'chakuti mwana ameneyu asasiye sukulu, alembe mayeso, apite kusekondale.

Chaka chimenecho bambo ake analowa kontirakiti ndi kampani ya fodya. Kampani imapereka mbewu ndi feteleza, koma ili ndi malamulo ake. Mlangizi wa kampaniyo ananena pamsonkhano kuti akadzapeza mwana akugwira fodya, mlimiyo adzamuchotsa mu kalabu ya alimi a kontirakiti. Komatu fodya akakhwima sadikira munthu, ndipo ife aganyu tinalibe. Mtsikanayo ankadzuka m'mamawa, kuthyola mizere yake, kusamba, n'kuthamangira kusukulu.

Vuto la fodya ndi utomoni. Umakanirira m'manja, wakuda ngati phula, mpaka m'zikhadabo. Sopo sauchotsa msanga. Munthu wothyola fodya umamudziwa pa moni. Ndiye bambo ake anamuphunzitsa lamulo lawo, ndipo ankalibwereza pafupipafupi.

"Ukaona galimoto yachilendo, kaya munthu wa yunifolomu, kaya wa nsapato zonyezimira, manja m'khwapa, ulowe m'chimanga. Akakufunsa, iwe sukudziwa kanthu. Ukangoonetsa manja amenewo, chaka chamawa tidya dothi."

Kwa iwo mlangizi, wapolisi ndi munthu wa ku boma anali amodzi. Inenso kwathu ku Kapelula anandilera ndi mawu ofanana ndi amenewa. Ankati boma salitsutsa, ukakumana nalo ugwade, uyang'ane pansi, uziti inde bwana. Ndipo ine ndinabadwa wamanyazi. Kutchalitchi ndimakhala kumbuyo. Kusikelo anamwino amandifunsa kawiri chifukwa mawu anga samveka.

Tinafika pamphambano pamene njira yathu imakumana ndi msewu wopita ku Santhe. Apolisi anali ataika migolo iwiri ndi mtengo wopingasa, ndipo ankatsitsa matumba pa njinga za anthu n'kumawamasula. Analipo awiri. Wina anali wachikulire, imvi m'mbali mwa chipewa. Winayo anali wachinyamata, thalauza lake litadzaza chisoso mpaka m'mawondo. Anthu anali ataunjikana, pamodzi ndi ana a sukulu.

Mwana wanga anali pansi pafupi ndi mgolo. Bondo linkatuluka magazi, nsapato imodzi palibe, chikwama cha mabuku chili pambali atachikhuthula. Manja ake onse awiri anali m'khwapa, atawapanikiza ngati munthu wogwidwa ndi malungo.

Wachinyamatayo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndinu mayi ake kapena mkulu wake?"

"Mayi ake."

"Mwabereka gwape, mayi. Atangotiona anabisa manja n'kulowa m'chimanga. Ndathamanga lero zimene sindinathamangepo. Tikumuuza kuti atulutse manja, akukana. Wapolisi wamkazi palibe pano, ndiye tikudikira galimoto, akamusechere kusiteshoni."

Kusiteshoni. Ndinaona mwana wanga akukwera galimoto ija anzake a m'kalasi akuonerera, ndipo ndinadziwa kuti akangokwera, kusukulu sadzapondakonso.

Bondo langa linayamba lokha kupinda. Thupi limakumbukira zimene analiphunzitsa. Ndinali nditagwira kale chitenje kuti ndigwade bwino pamene ndinaona maso a mwana wanga ali pa ine. Ankayang'ana kuti aone chimene mayi amachita pamaso pa boma. Ndinawongoka. Khanda linadzidzimuka n'kuyamba kulira, koma sindinalitonthoze.

"Tulutsa manja," ndinamuuza.

"Amayi, ababa anati..."

"Ababa ako pano palibe. Tulutsa."

Anapukusa mutu, misozi ikugwera pa yunifolomu. Iye ankaona ngati wanyamula feteleza wa banja lonse m'khwapa mwake. Pamenepo ndinatambasula manja anga pamaso pa wapolisi wachikulire uja. Anga anali akuda kuposa ake, ong'aluka m'zala.

"Onani anga, bwana. Akewo ndi chimodzimodzi. Ndi zimene akubisa."

Mwanayo ataona kuti chinsinsi chatuluka kale, anatulutsa dzanja limodzi, kenako linalo, n'kuwatambasula pamwendo pake. Munalibe kanthu. Utomoni basi, ndi inki ya bolopeni.

Mayi wa tomato uja anaomba m'manja. "Chamba chija n'chimenechi, bwana? Ndiyetu bweretsani lole, mumange mudzi wonse! Kuno amene ali ndi manja oyera ndi abusa okha."

Anthu anaseka. Bambo wina wa kabaza anakweza manja ake m'mwamba, akuda bii, akuti ayambire iye chifukwa kundende amadya zaulere.

Wachikulire uja sanaseke. Anawerama kwa mwanayo. "Ndiye unkathawa chiyani, mwanawe?"

Ndinamuyankhira ndine, ndipo ulendo uno mawu anga ankamveka.

"Kuthawako anamuphunzitsa kunyumba. Chimenecho ndi chathu, tikakonza. Koma inunso, bwana, mwana wavala yunifolomu, mabuku ali kumsana, mpaka kumugwetsa chonchi?"

"Mayi, munthu akathawa ife timathamangitsa. Ntchito yake ndi yomweyo. Akanakumana ndi wina wamtima wapachala, bwenzi pano tikukamba zina. Ndipo manja awa, mukudziwa kuti mwana saloledwa pa fodya?"

"Ndikudziwa. Ngati pali wokwera galimoto yanuyo, ndine. Uyu mawa ali ndi sukulu."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kuyang'ananso khanda limene linkalira. Kenako anagwedeza dzanja.

"Pitani. Lero tabwerera chamba, osati fodya. Mukamutsuke bondolo."

Munthu wanzeru akanathokoza n'kunyamuka. Ine ndinaima pomwepo.

"Nsapato yake."

"Mwati chiyani?"

"Nsapato yake yatsala m'chimanga mmene munamugwetsera. Alibe ina. Sitichoka."

Wachinyamata uja anatsegula pakamwa kuti andikalipire, koma wamkuluyo anamulozera kumunda ndi chibwano. Anapita akung'ung'udza, anthu akumukuwiza, wina akuti asamale kumeneko kuli chitedze. Anabwera nayo ataigwira ndi zala ziwiri n'kuiponya pansi. Ndinaitola, ndinamuveka mwana wanga, tinatolera mabuku, tinanyamuka wapansi.

Nkhani inatitsogolera kunyumba. Tinapeza bambo ake ataima pakhomo pa chigafa, nkhope ili gwa.

"Ndiye iwe waonetsa msewu wonse? Mawa mlangizi amva. Ukudziwa zimene wachita?"

Ndisanayankhe, mwanayo analankhula ali chozyolika.

"Ine kusukulu sindipitanso. Anyamata a m'kalasi mwathu anali pomwepo. Ayamba kale kunditchula kuti Wachamba."

"Zakhala bwino," anatero bambo ake. "Upume kaye masabata angapo, nkhani izizire, fodyayu athe. Sukulu sithawa."

Masabata angapo amenewo ine ndimawadziwa. Inenso anandiuza kuti ndipume kaye fodya athe, ndipo mpaka lero sanathe.

Ndinafunditsa madzi, ndinathiramo mchere, ndinamukhazika mwanayo pamphasa pakhonde, dzuwa lisanalowe. Ndikumutsuka bondo ndinayamba kulankhula, mokweza dala kuti akuchigafa amve.

"Tamvera kuno. Wapolisi ukamuona usadzathawenso. Wothawa amaoneka wakuba ngakhale atanyamula Baibulo. Uime pomwepo, manja panja, kaya ndi akuda kaya ndi oyera. Upereke moni mwaulemu. Kugwada uzikagwadira agogo ako, pamsewu uziima. Unene dzina lako, zaka zako, mudzi wako ndi sukulu imene ukuphunzira."

"Nanga akandikalipira?"

"Akalipe. Kukalipa sikuthyola fupa. Iwe usatukwane, usakankhane naye, koma usasiye kulankhula. Akafuna kukusecha m'thupi, unene kuti abwere wapolisi wamkazi. Akati kwera galimoto, unene mokweza kuti itanani kaye amayi anga, anthu onse amve."

Bambo ake anaseka ali kuchigafa. "Tamvani loya wathu! Munthu amene amachita manyazi ndi tambala wa pakhomo pake, lero akuphunzitsa malamulo. Udzamupwetekesa mwanayu ndi pakamwa pakopo."

"Wapweteka kale, bambo ake. Bondo ili lang'ambika chifukwa cha lamulo lanu, osati langa."

Aka kanali koyamba kuwayankha chonchi chikwatirane. Anasiya kuseka.

"Nanga mlangizi akabwera?"

"Abwere. Kuyambira mawa sadzapeza mwana m'munda muno. Mizere yake ndithyola ine."

"Ndi khanda kumsana?"

"Msana ndi wanga."

"Fodya akapserera m'munda usadzandilirire."

"Fodya timabzala chaka chilichonse. Uyu ndinabereka kamodzi."

Bambo ake anatola mkangala wopachikira fodya umene unagwa pansi, anauponya pamulu, n'kupita kwa achimwene awo. Ine ndinamanga bondo ndi kansalu koyera, kenako ndinaimirira, ndinatenga chipewa chawo chimene anasiya pakhonde, ndinachivala n'kutukula mapewa.

"Iwe mtsikana! Ima pomwepo!"

Mwanayo anandiyang'ana modabwa, manja akuthamangira okha m'khwapa.

"Ehe, wayambanso. Manja panja. Tibwereze. Iwe mtsikana, ukuchokera kuti?"

"Kusukulu."

"Sindikumva! Walankhula ndi nyerere kodi?"

"Kusukulu, bwana!"

"Kwera galimoto!"

"Itanani kaye amayi anga!"

"Amayi ako ndani? Aja amanyazi aja?"

Pamenepo anaseka, kuseka kosakanikirana ndi mamina, mpaka khanda nalo linayamba kusekerera osadziwa nkhani. Tinabwereza mpaka mawu ake anamveka kuseri kwa khola. Koma nditavula chipewa, nkhope yake inagwanso.

"Apolisi ndamva, amayi. Koma anyamata aja sindingawathe. Mawa lokha ndikhale."

"Mawa lokha limabala mkuja. Tipita limodzi."

M'mawa mwake ndinamudzutsa nthawi yake yomweyo, koma kumunda sanapite. Ndinamupatsa madzi ofunda, phulusa ndi ndimu kuti akweche m'manja, ngakhale utomoni sunachoke wonse. Anavala yunifolomu, ine ndinavala chitenje changa cha kutchalitchi n'kubereka khanda. Bambo ake anali kale m'munda. Anaitana kawiri kuti mame akuuma, ife sitinacheuke.

Pamphambano apolisi kunalibe, panangotsala zizindikiro ziwiri pamene panakhala migolo. Pachipata cha sukulu ndi pamene panali nkhondo. Anyamata atatu atangomuona anayamba kuimba kuti Wachamba wafika, Wachamba wafika. Mwana wanga anaima, phazi likufuna kubwerera. Ndinamugwira pamkono n'kulowa naye m'bwalo la sukulu, ine amene sindinapondemo chisiyire Sitandade 4. Ndinapita molunjika kwa wamtali mwa anyamatawo n'kuima pamaso pake.

"Imbanso ndimve bwino. Ndikufuna ndikawaimbire amayi ako Lamulungu."

Anayang'ana pansi, anzake n'kumwazikana. Ndinamuperekeza mwanayo mpaka pakhomo la kalasi, ndinaima pazenera mpaka ndinamuona atakhala pamalo pake n'kutsegula kope. Kenako ndinabwerera kunyumba, ndinasintha chitenje, ndinayamwitsa khanda, ndinalowa m'munda n'kuyamba ndi mizere yake.