Chithunzi cha chiwindi cha Bassel

Ine ndine wamanyazi, m'kalasi sindikweza dzanja. Koma nkhani ya achemwali anga a Nagwa yandikanika kusunga.

A Nagwa analephera mayeso a sekondale kawiri. Kwathu ku Sohag anthu anangoti, "Akwatiwe basi." Iwo anakalowa ntchito yokolopa pachipatala china, m'chipinda chojambulira odwala. Manja pachikolopa, maso pa zithunzi. Analemba kachitatu, anakhoza, n'kuphunzira ntchito yojambulayo.

Mwezi watha kuchipatala komweko kunabwera Bassel, khanda la miyezi itatu, mimba ili tswi. Anamupeza ndi chotupa pachiwindi. Agogo ake anayambiratu kulira "matenda oipa aja", paja dzina lake kwathu sititchula. Pankafunika chithunzi cha makina aakulu a MRI, koma mwana ankangopalapata, zithunzi zonse mbuu. Mankhwala ogonetsa madokotala ankawaopa chifukwa kamtima kake kanali kotopa.

"Tingobaya singano titengeko kanyama," anatero dokotala wamkulu, a Mikhail.

A Nagwa anati, "Adokotala, chotupachi chikakhala cha mitsempha, magazi sitiwaletsa. Ndipatseni ola limodzi."

"Iwe mayi wa chikolopa, ola ukufuna ukolope makinawo?"

"Ndikolopa mukaona chithunzi."

Anauza mayi a mwana kuti asamuyamwitse kaye mpaka njala imuwawe, kenako akhute bwinobwino. Vuto linali mkanda wabuluu woteteza ku diso loipa la anthu ansanje, womangidwa pamalaya ndi pini. Chitsulo sichilowa m'makinamo.

"Mkandawu suchoka, mwana wanga," anatero agogo.

"Suchokadi, agogo. Ichoka ndi pini."

Anaumanga ndi ulusi pamwendo. Mwanayo anamukulunga zolimba ndi mpango wa mayi ake, manja m'mbali ngati mmene amachitira kumudzi, thonje m'makutu. Makina anagunda mphindi makumi awiri, Bassel ali mtulo.

A Mikhail anayang'ana chithunzi nthawi yaitali.

"Si khansa. Ndi mtolo wa timitsempha ta magazi, umafota mwana akamakula. Timupatsa mankhwala akumwa. Singano ija bwezani."

Agogo anaimba nthungululu mpaka alonda anathamangira! A Nagwa atatiuza kunyumba, ndinadumphadumpha, ine amene.

Ndiulule: masamu ndalephera teremu ino, ndipo pepala ndinabisa m'buku. Lero ndawaonetsa a Nagwa. Nanunso amene mwabisa lanu, litulutseni. Mtima usagwe, kalembeninso.