Alamu Anga Anakana Mpando

Alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, ndi munthu amene utsi unawalowa mpaka m'mafupa. Malaya awo muwachape ndi sopo wamtundu uliwonse, ankanunkhabe nyumba yopsa ya eni ake. Anayamba ntchito yozimitsa moto ine ndili mwana wasukulu, ndipo nsidze yakumanzere anaisiya pa moto wa kufakitale ya matiresi. Ine ndinkawatcha Ansidze-imodzi, iwo ankati ndine wailesi yopanda pozimitsira.

Ntchito ankaidziwa, moti mabwana anawaitana kangapo kuti awakweze, azikhala mu ofesi. Iwo ankakana kwamtuwagalu.

"Mlamu, taganiza wekha," ankandiuza. "Wokwera galimoto ali ndi alawansi ya ngozi, ya usiku, ya ovataimu. Pakutha pa mwezi ndimatenga zambiri kuposa bwana wanga. Ndiye ndikakhale pampando, ndiziwerenga ntchentche?"

Sankanama. Ana onse anaphunzira ndi maalawansi amenewo. Chimene chinawakanika n'kutuluka m'nyumba ya lendi, ndipo achemwali anapirira poti analonjezedwa kuti ya penshoni ikadzatuluka adzagona m'nyumba yawoyawo. Nthawi yopuma ntchito itakwana, alamu anapeza kanyumba kogulitsa, anagwirizana mtengo, n'kutsanzika kwa alandilodi kuti mwezi ukatha akutuluka.

Tsiku lokamva za ndalamazo ndinawaperekeza, ati ndikawathandize kunyamula chimwemwe. Mayi wowerengera za penshoni anatembenuza kompyuta kuti aone okha. Alamu anayang'ana, anavula magalasi, anawapukuta, anayang'ananso.

"Mayi, iyi ndi gawo loyamba eti?"

"Ndi yonse, bambo. Penshoni imadulidwa pa malipiro enieni okha. Pa maalawansi sitinkadulapo, ndiye sawerengedwa."

"Zaka zonsezi?"

"Zaka zonsezi, bambo. Mukanavomera kukwezedwa, bwenzi ili pafupifupi kawiri."

Ndalamayo sinkafika ngakhale theka la mtengo wa kanyumba kaja. Ndinapsa mtima, ndinafuna kulalata kuti nanga panalibe ngakhale mmodzi woti n'kumukhazika pansi munthuyu n'kumuuza? Koma wailesi tsiku limenelo inazima yokha. Alamu anathokoza mayiyo mwaulemu, anaimirira, chipewa n'kuchiiwala pampando.

Titafika kunyumba, chitseko chinali pululu, ndipo tinkawaona achemwali m'katimo akuimba, makatani atachotsa kale, mbale zili m'makatoni.

"Mwabwera? Ndiuzeni msanga, galimoto ya katundu ibwere liti?" anafuula.

Alamu anga, munthu amene ankalowa m'nyumba yoyaka ena onse akuthawamo, anaima pakhonde osalowa. Anandigwira mkono n'kunong'ona:

"Mlamu, tsogola ndiwe."