Tsiku Limene Ndinameza Pitsa

Ndinali ndi zaka khumi pamene ndinalawa pitsa koyamba, ndipo mpaka lero ndikangomva fungo lake malovu amadzaza m'kamwa, osati a nkhuli ayi, a mseru. Tinkakhala ku Mtendere, komboni ya mu Lusaka, m'masiku a chipani chimodzi, pamene munthu unkaima pamzere osadziwa ngati kutsogoloko kuli shuga kapena sopo. Makolo a bambo ndi amayi anachokera ku Malawi kudzafuna ntchito, choncho ngakhale tonse tinabadwira mu Lusaka, anthu ankatitchabe Anyasa.

Chaka chimenecho wansembe wa parishi yathu, Mtaliyana wamtali wandevu, analengeza chikondwerero cha zakudya pabwalo la tchalitchi. Mtundu uliwonse ubwere ndi chakudya cha kwawo, anthu alawirane. Mayi ake omubereka anali atabwera kudzacheza, agogo aafupi ovala zakuda, ndipo anyamata anawamangira uvuni wa njerwa kuti nawonso aphike za kwawo.

Amayi anali atangolowa kumene gulu la azimayi a tchalitchi, ndipo ankafunitsitsa kulandiridwa. Amalume anawabweretsera mbewa kuchokera ku Chipata, zonona bwino. Anazitumbula, kuziwiritsa ndi mchere, kuziwamba pa mbaula, n'kuzipana pa mipani mwadongosolo. Patebulo anayalapo chitenje chatsopano chimene anali asanavalepo.

Anthu anadzaza. Kwa Abemba kunali chikanda ndi ifisashi, kwa Atonga chibwantu, ndipo mbale zinkangoyendayenda. Kwathu kunali zii. Kenako anafika Bana Mulenga, mkulu wa gulu la azimayi lija, anayang'ana mipani, anawomba m'manja, n'kufunsa mosakaniza ndi Chibemba zimene tabweretsa.

"Iye! Ba Nyasa, mwaleta makoswe ku chechi?"

Azimayi anaseka mpaka kugwirana mapewa. Chimene chinandinyansa kwambiri ndi anzathu akum'mawa, ochokera cha ku Chipata, anthu amene ndinkawadziwa kuti kunyumba kwawo amatafuna mbewa mpaka mchira. Ankadutsa atayang'ana kumbali ngati sanaionepo. Amayi anandiuza motsitsa mawu kuti, "Tereza, likatha tsikuli, pano sindidzapondanso."

Ndipamene ndinaona agogo a chizungu aja akubwera ndi mbale m'manja. Chinyanja sankachidziwa. Anangoima patsogolo pathu, kumwetulira, n'kutambasula mbaleyo kwa ine. Ndinagwada n'kulandira ndi manja awiri monga tinaphunzitsidwira.

Amayi ine! Chinali chibuledi chopyapyala chopserera m'mphepete, chopakidwa matimati, pamwamba pake zoyera zosungunuka zimene pambuyo pake ndinamva kuti ndi tchizi. Panali tinsomba tofiirira tonga kapenta wovunda, ndi masamba onunkha ngati mpungabwi, uja tinkathamangitsira udzudzu. Fungo la tchizicho linali la jombo za bambo akaweruka kuntchito. Mkaka wowola, anthu n'kumautcha chakudya!

"Idya," anatero amayi.

Ndinaluma. Zoyera zija zinatamuka kuchoka pakamwa panga mpaka kudzanja, osaduka, ngati mamina a mwana wa chimfine. Mchere wa tinsomba unandilasa kukhosi. Misozi inalengeza, masaya anafufuma. Amayi ananditsina pantchafu, kutsina kwenikweni kopotokola.

"Meza. Ukalavula walavulira nkhope yawo."

Ndinameza. Ndinalumanso, ndinamezanso, mpaka chidutswa chonse chinatha, agogo aja akugwedeza mutu mokondwa.

Tsono kwathu mbale ikabwera ndi chakudya siibwerera yopanda kanthu. Amayi anaitenga mbaleyo, anayang'ana patebulo pawo, ndipo panalibe china choikamo. Anasolola mbewa imodzi pampani. Bwalo lonse linatembenukira kwa ife.

Agogo aja anaiyang'ana mbewayo: timano tiwiri panja, ndevu zowauka, timiyendo topindika, mchira uli tasa. Nkhope yawo inayera ngati ufa. Ndinaona kholingo lawo likukwera ndi kutsika, ndipo ndinadziwa bwino lomwe chimene chinkachitika m'mimba mwawo. Wansembe anathamangira pomwepo akulankhula chikwawo mofulumira, koma agogowo anamukankha ndi chigongono. Anayang'ana amayi, anayang'ana azimayi oseka aja, anachita chizindikiro cha mtanda, n'kuluma kuyambira kumutu.

Tinamva mafupa akulira, khurrr. Anatafuna nthawi yaitali, maso ali otseka. Anameza, anapukuta pakamwa, n'kunena liwu limodzi lokhalo limene ankalidziwa: "Zikomo."

Akum'mawa aja, a manyazi aja, anayamba kubwera mmodzimmodzi, ati angolawako. Posakhalitsa ankalimbirana. Mipani inatha yonse. Bana Mulenga sanadye, koma anadzaima pafupi n'kufunsa amayi kumene anagula chitenje chawo.

Ine zonsezo ndinaziona mothamanga, chifukwa pitsa inali itayamba ulendo wobwerera. Ndinazemba mpaka kuseri kwa holo, kumene kunali mpopi, ndipo ndinasanza mpaka nthiti kuwawa. Nditaweramuka ndinamva wina akuchita chimodzimodzi pakona. Anali agogo aja, dzanja limodzi atagwira khoma, lina atagwira mpango wawo wakuda kuti usadetsedwe.

Tinayang'anana, tonse maso ofiira, mamina ali chuchuchu. Anaika chala pamilomo. Nanenso ndinaika chala pamilomo. Kenako anayamba kuseka, kuseka kopanda mawu kogwedeza mapewa, anatsegula mpopi, tinachukucha m'kamwa mosinthana, ndipo anandipukuta kumaso ndi kansalu kawo.

Amayi sanachoke m'gulu lija. Anakhalamo mpaka ukalamba, ndipo tsiku la maliro awo azimayi omwewo ndi amene anawaimbira, Bana Mulenga ali patsogolo ndi ndodo yawo. Moyo wawo wonse amayi ankauza aliyense kuti mayi wa wansembe, mzungu weniweni wa ku Italiya, anaikonda mbewa yawo. Ine ndinkangovomera.

Lero adzukulu anga amaitanitsa pitsa pafoni, imabwera m'katoni, ndipo ine ndimatuluka kukakhala panja. Amandiseka, ati agogo ndi achikale. Asiyeni aseke. Chinthucho chimandinyansabe, ndipo sindiona chifukwa chonamizira. Chimene ndinamvetsa nditakula n'chakuti mseru munthu sausankha, umabwera wokha. Chimene umasankha ndi malo okasanzira. Agogo aja anasankha kuseri kwa holo, kuti amayi anga atuluke pabwalo paja mutu uli m'mwamba.